Amene Anakwera pa Kaliyala ya Lufeyo

Kankhirani chikuni icho mkati, uvuniwu usazizire mbali imodzi, njerwa zingatuluke zosapsa. Eya, choncho. Tsono poti mwafunsa za mwendo wa Lufeyo, khalani pansi ndikuuzeni, chifukwa mwini wake sangakuuzeni. Mukamufunsa amangoti anadwala, basi.

Inu mwamudziwa akutsimphina kale, akumata machubu pambali panga pansi pa mkuyu paja. Koma chaka chimene ndikunenachi Lufeyo anali wakabaza, ndipo pa siteji ya pa Nsanjiko panalibe wopalasa ngati iye. Chitunda cha Gwedeza chija, chimene aliyense amatsika n'kumakankha, iye ankachikwera ali pachishalo, munthu ali kumbuyo. Njinga yakeyo ndinkaidziwa bwino poti wokonza ndinali ine.

Kuseri kwa dambo kunkakhala bambo wina dzina lake Dalikeni, wocheka matabwa. Anali chimunthu, wamapewa otambalala, wosayankhulayankhula. Chipatala ankachidziwa poperekeza anzake okha. M'chilimwe cha chaka chimenecho, mango asanapse, anatuluka chithupsa m'munsi mwa khwapa. Chithupsa wamba, chonga chimene tonse tinatulukapo. Mkazi wake Nangozo anachithowa ndi kansalu ka madzi otentha, nachifinya monga amachitira aliyense, bamboyo n'kubwerera ku macheka ake.

Sipanapite masiku, Nangozo anafika kwa Lufeyo m'mawa akuthamanga, mpango uli m'manja.

"Achimwene, tithandizeni. Bambo a Enelesi sakutha kuimirira."

Lufeyo atafika anapeza munthu akunjenjemera mano kuchita kuombana, mbali yonse ya chifuwa itatupa, khungu litada ngati lapsa ndi moto. Anamukweza pa kaliyala, nam'mangirira m'chiuno mwake ndi chitenje kuti asagwe. Nangozo ankatsatira wapansi. Lufeyo anandiuza pambuyo pake kuti njira yonse Dalikeni anatsamiritsa chipumi pamsana pake, pakati pa mapewa, ndipo chipumicho chinkatentha ngati simbi. Pa chitunda wodwalayo anayankhula kamodzi kokha.

"Pepani achimwene, ndikukulemerani."

Ku chipatala cha mishoni anamuika dilipu, n'kuitanitsa ambulansi kuti apite naye ku boma. Anafikako ali moyo, koma sanagonemo kawiri. Mtembo unabwera pa lole, tinamuika kumanda a kwawo kuseri kwa dambo.

Akanakhala iye yekha tikanati ndi tsoka. Koma patangopita pang'ono mtsikana wina wa kusekondale anatupa bondo, pa kachilonda kamene anapweteka posewera mpira wamanja, nayenso osabwerako. Mayi wogulitsa zitumbuwa pamsika anatupa chala, mpaka dzanja lonse. Iyeyo anapulumuka koma chalacho anachisiya ku boma. M'nyumba zina zithupsa zinkayenda kuchoka pa bambo kupita pa mwana, zina n'kumapola zokha, zina ayi, ndipo panalibe wodziwa kuti ichi chipola, ichi chipha. Zimene zinkatiopsa n'zakuti sizinkasankha ofooka. Zinkagwira anthu amphamvu, oti dzulo munaseka nawo.

A zaumoyo anabwera tsiku la msika, naima pa khonde la chigayo. Anati tizilombo toyambitsa zithupsa timakhala pakhungu la anthu masiku onse, koma mtundu umene wafika kunowu ndi wolusa. Tikapeza polowera, kaya ndi pamene lumo latema kaya pamene pakhulika, timalowa m'kati mpaka m'magazi, ndipo makapisozi ogula pa golosale satigwira. Anatiletsa kufinya, kubwerekana lumo, sopo ndi chopukutira. Anati chithupsa chikabwera ndi kutentha thupi tisadikire kuti chipse. Anthu anamva, ena anagwedeza mitu, ena pobwerera ankanong'onezana za kwa asing'anga. Ambiri ankapita konse kuwiri.

Odwala ambiri ankawanyamula ndi Lufeyo, chifukwa cha chitunda chija. Sankakana. Ankangofika kunyumba n'kusamba ndi sopo mpaka khungu kuyera mbuu.

Tsiku lina anabwera ndi njinga, masipoko akumbuyo atathyoka angapo. Ndinamuikira ena. Sabata isanathe anabweranso, athyokanso, mbali yomweyo.

"Iwe Lufeyo, ukunyamula simenti masiku ano?"

"Simenti yake iti, a Nyoni? Dzulo ndayenda wopanda munthu tsiku lonse."

Ndinaimika njingayo pa sitandi kuti ndiione. Nditaitsitsa ndinaona tayala lakumbuyo litaphwatalala pansi ngati lilibe mpweya. Ndinalidina ndi chala, linali gwa. Ndinapopa ndithu pang'ono pofuna kudzikhutiritsa, koma linakhalabe chophwatalala. Ndinayang'ana Lufeyo, iye akuyang'ana ku msika.

Zoti ankayenda wopanda munthu zinali zoona, ndipo sankamvetsa chifukwa chake. Akamadutsa, anthu oima m'mbali mwa msewu ankakweza dzanja kuti amuimitse, kenaka n'kulitsitsa, n'kumayang'ana wina wakumbuyo. Poyamba ankaganiza kuti akuopa matenda. Kenaka tsiku lina anaima yekha pa mayi wina wa katundu amene ankamudziwa bwino.

"Kwerani mayi, bwanji mwandileka?"

Mayiyo anasuzumira kumbuyo kwake, napukuta m'maso.

"Pepani, ndimaona ngati mwanyamula kale. Dzuwali."

Sanakwere. Anati adikira mnzake.

Kunyumba nako tinthu tinayamba kusintha. Mkazi wa Lufeyo ndi Nasibeko, mumamudziwa, kamayi kochepa thupi kaja. Iye ndi amene anauza mkazi wanga zimenezi. Njinga ankaigoneka pabalaza, itayang'ana kukhoma. M'mawa ankaipeza itayang'ana kukhomo. Mphira womangira katundu unasowa, anaufuna nyumba yonse, n'kudzaupeza utakulungidwa bwinobwino pansi pa khushoni ya pa kaliyala, momwe Lufeyo sakulungira. Khushoniyo m'mawa inkakhala yofunda, italowa pakati. Galu wawo, amene kale ankathamangira njinga ikamafika, anayamba kuilambalala, n'kukagona kuseri kwa nkhokwe.

Nasibeko anati njingayo izigona pakhonde. Itagona pakhonde, m'bandakucha ankamva belu. Osati kulira kwenikweni, koma kakuti khe, khe, ngati wina waligwira ndi chikhato kuti lisamveke. Mkazi wanga anamufunsa ngati sankaopa.

"Ndimaopa," anatero Nasibeko. "Koma kaliridwe kake ndi ka munthu wamanyazi, woti akufuna kudzutsa anzake koma akuona ngati avutitsa. Ndikamva, chimene chimandigwira kwambiri ndi chisoni."

Chimene chinamugwetsa mphwayi Lufeyo chinachitika masana dzuwa lili pamutu. Ankachokera ku mishoni, atasiyako mwana wodwala, ali yekha. M'munsi mwa chitunda anapeza mayi wina wokalamba amene sanamuonepo, atasenza kamtolo ka tsekera, wopanda nsapato. Mayiyo anapatuka kumupatsa njira, nawomba m'manja pang'ono.

"Muyende bwino nonse awiri," anatero. "Koma anzanuwo agwiritseni, atopa."

Lufeyo anapalasa pang'ono, mawuwo n'kumulowa. Anagwira buleki, natembenuka. Pa kaliyala panalibe munthu. Mayi uja ankapita, kamtolo kakugwedera, osacheuka. Ndipo apo ndi pamene anazindikira chinthu chimene thupi lake linkachidziwa kale: pamsana pake, pakati pa mapewa, pankatentha kamalo kamodzi kokha, kukula kwake ngati chikhato.

Anabwera molunjika kwa ine. Anakhala pa chitsa, nandifotokozera.

"A Nyoni, ndinamulakwira chiyani munthu uja? Ndinapalasa ndi mphamvu zanga zonse. Sindinaime ngakhale kumwa madzi."

"Mwina si mlandu," ndinatero ine. "Akanakhala wa mlandu bwenzi atakugwetsa kale."

"Nanga akufuna chiyani?"

Ndinamuuza kuti aigulitse njingayo, koma angagule ndani? Nkhani inali itafika kale pa siteji. Anzake sanamuthamangitse, ayi, koma akafika ankasendeza njinga zawo pang'onopang'ono, mpaka iye n'kutsala yekha pa mthunzi.

Kenaka Lufeyo anayamba kukhala chopendekera pachishalo. Nasibeko anaona, namufunsa.

"N'kachithupsa ka chishalo," anatero. "Wakabaza aliyense amatuluka."

Kanali m'kati mwa ntchafu, pamene chishalo chimakhula. Nasibeko atakaona anati apite ku chipatala tsiku lomwelo.

"Bambo a Lonjezo, munamva zimene ananena a zaumoyo."

"Ndinamva. Ndipita mawa kakapanda kuphwa."

Si kuti anali wamakani. Anali ataperekeza anthu ambiri pa chipata chija, ena osabwerako, ndipo mtima wake unkakana kulowapo ngati wodwala. Madzulo ake anadya pang'ono, nagona msanga, akuti mutu.

Kutacha Nasibeko anakanika kutsegula chitseko. Atakankha mwamphamvu anapeza njinga itachoka pamene anaitsamiritsa, itaima chopingasa pakhomo penipeni, khushoni itayang'ana ku chitseko monga momwe wakabaza amaimikira kuti munthu akwere. Anabwerera kuchipinda, nagwira mwamuna wake pachipumi. Anali moto. Anavundukula bulangete, naona ntchafu itatupa mpaka kubondo, kufiira kukukwera cha kumimba. Lufeyo ankamuyang'ana koma ngati akuona wina.

Mwana wawo Lonjezo anamusiya kwa oyandikana nawo, nathamangira ku siteji. Linali tsiku la msika wa kutali, anyamata anali atapita m'mamawa ndi matumba a kabichi. Anapezako mmodzi yekha, ndipo ameneyo anati tayala lake laphwa, akuyang'ana pansi. Sindimuweruza, naye anali ndi ana ang'ono. Ine ndi mwendo wangawu wolumala chibadwire mukudziwa kuti sindingakankhe njinga ngakhale pa chigwa. Chimene ndinatha n'kupita naye kunyumba, tinathandizana kumukweza Lufeyo pachishalo, chifuwa chitagona pa mahandulo, n'kumumanga ndi zitenje.

"Bwanji osamukhazika pa kaliyala?" anafunsa mayi woyandikana nawo. "Mpofewa paja."

Nasibeko anayang'ana khushoni ija.

"Ayi," anatero. "Pamenepo pasiyeni."

Ananyamuka dzuwa litakwera kale. Ndinaima pamsewu kumuyang'ana, kamayi kochepa, mutu wake wongopitirira pang'ono mahandulo, njinga ikupita uku ndi uku. Mumtima ndinati pa Gwedeza sakadutsa.

Zotsalazi anafotokoza yekha. Pa chigwa anayenda bwino. Atayamba chitunda anakankha mpaka pa mwala waukulu uja, mphamvu n'kutha. Njinga inayamba kubwerera m'mbuyo. Anaponda mwamphamvu, patapata n'kuduka, miyala ikumutema kuphazi. Anayang'ana kumtunda ndi kumunsi, msewu wonse mbee, kopanda munthu, nyenje zokha zikulira m'mitengo. Lufeyo anayamba kupendekera kumbali. Nasibeko anamutchinga ndi phewa, nayamba kulira, osati mofuula, kulira kwa munthu woti alibe mpweya wolirira.

Kenaka anamva kasipuling'i ka pansi pa khushoni kakuti kwee, monga kamachitira munthu akamatsika. Njinga inaleka kubwerera. Inaima nji.

Anati chimene anayamba kumva ndi fungo, fungo la utuchi wa mlombwa wongocheka kumene. Kenaka mpweya, kumbuyo kwake cha kumanja, wa munthu wamkulu, wotuluka mwa kanthawi kofanana: hm, hm, hm, monga amapumira anthu pokoka sowo. Njinga inayamba kukwera. Iye ntchito yake inangokhala yowongolera mahandulo ndi kuchirikiza mwamuna wake, ndipo pena ankachita kuthamanga pang'ono kuti isamusiye.

Lufeyo, amene chichokere kunyumba sanayankhule, anatsegula pakamwa, maso ali chitsinzire.

"Pepani achimwene," anatero. "Lero ndine."

Nasibeko sanacheuke. Pambuyo pake mkazi wanga atamufunsa kuti bwanji, iye anati: "Ndinkaopa kuti ndikaona kanthu ndigwa, ndiponso ndinkaopa kuti ndikapanda kuona kanthu ndigwa." Maso anangowaika pa tayala lakutsogolo. Anangomva miyala ikuphwanyika kumbuyo, mapazi olemera, osafulumira.

Atafika pamwamba, pamene denga la chipatala limayamba kuoneka, kupuma kuja kunaleka. Kasipuling'i kanaliranso, njinga n'kulemera monga kale. Koma kuchokera pamenepo n'kotsetsereka. Nasibeko anangoti, "Zikomo," akuyang'ana kutsogolo, natsika nayo.

Namwino atangoona mwendowo anasiya zimene ankachita. Anamuika dilipu ndi majakisoni, ambulansi n'kumutengera ku boma tsiku lomwelo. Kumeneko anamung'amba ntchafu kuchotsa mafinya ndi mnofu umene unali utafa, ndipo anamulowetsa kangapo m'chipinda cha opaleshoni. Dokotala anauza Nasibeko mosabisa kuti tizilomboto tinali titayamba kulowa m'magazi, ndipo sakulonjeza kanthu. Panali masiku oti Lufeyo sankamuzindikira mkazi wake. Nasibeko ankagona pansi pa bedi, akumvetsera kupuma kwake. M'chipinda chomwecho anatulutsamo anthu awiri a matenda omwewo ataphimbidwa kumutu. Koma Lufeyo anatsala. Mwendo unafupika mitsempha, kupalasa kunatha, koma munthu mukumuona.

Matendawo kuno anazilala mvula itayamba, atatenganso mnyamata wina wa ku chigayo. Sanathe ndi mwambo uliwonse; anthu anangophunzira kuthamanga msanga, ndipo ku mishoni kunabwera mankhwala amene ankagwira.

Lufeyo atayamba kukhala tsonga, anauza mkazi wake kuti akaone mwana. Nasibeko anakwera galimoto mpaka ku mishoni, kumene njinga ija inatsala m'manja mwa mlonda wa pachipata. Mlondayo anaitulutsa msanga ngati ankadikira.

"Mwachita bwino kubwera, mayi. Itengeni." Anazengereza pang'ono. "Sinavute, ayi. Koma kaya. Munthu umachita kufuna kuipatsa moni."

Nasibeko sadziwa kupalasa, choncho anayamba kuikankha. Inali yolemerabe. Potsika Gwedeza ankaopa kuti imukoka, koma inatsika mofatsa. Atafika pa mphambano, pamene njira ina imapita kwawo ina kuseri kwa dambo, anaima. Palibe chinamukoka, anatero. Mahandulo sanatembenuke okha. Anangoganiza kuti munthu wakhala pa njinga nthawi yonseyi, kuchokera m'chilimwe mpaka mitambo yayamba kusonkhana, ndipo palibe anamufunsa kumene akutsikira. Anakhotera kuseri kwa dambo.

Anapeza Nangozo pakhonde akusenda nandolo. Anali ataonda, tsitsi limene anameta pamaliro litangoyamba kumera. Chimwalirire mwamuna wake sankapita kumsika kapena kutchalitchi. Ataona njingayo manja ake anaima m'lichero.

"Ndamva za bambo a Lonjezo," anatero. "Ali bwanji?"

"Ayamba kudya. Mwendo ndiye kaya."

"Munafinya?"

"Ayi. Koma akanandilola ndikanafinya. Ndinali nditaika kale madzi pamoto."

Nangozo anayang'ana m'lichero.

"Ine ndinafinya. Ankati zikuwawa, ine n'kumati limbani mtima, chituluke chonse. Ndi manja angawa."

"Nangozo, ndani kuno sanafinyepo chithupsa? Amayi anu ankafinya, amayi anga ankafinya. Inu munali oyamba, panalibe wokuuzani. Ife tinathamanga chifukwa tinaonera pa inu."

Misozi ya Nangozo inkagwera pa nandolo. Nasibeko anali chiimire, atagwira mahandulo ndi manja onse awiri, ndipo anamufotokozera zonse, za masipoko, za belu, za mayi wa tsekera, mpaka za pa chitunda. Atafika pa fungo la utuchi, Nangozo anaika lichero pansi.

"Ndiye ali pomwepa?"

"Sindikudziwa. Ine sindinaone kanthu. Ndangoti ndidzere kuno."

Nangozo anaimirira, nakonza chitenje chake, napukuta kumaso. Anayenda mpaka pa njinga, naima pafupi ndi kaliyala. Kenaka anayankhula ndi mawu apansi, mawu a mkazi amene mwamuna wake wachedwa ku ntchito.

"Bambo a Enelesi, tsikani. Anthu ali ndi kwawo. Mwana wakhala akukufunsani, ine ndatopa n'kumunamiza."

Nkhuku imene inkatola nandolo wogwa inadzutsa mutu. Nasibeko anati anamva m'mikono mwake njinga ikupendekera pang'ono kumanzere, kenaka n'kuwongoka, mopepuka moti anatsala pang'ono kuigwetsa.

Amayi awiriwo anayang'anana. Nangozo anapuma mpweya wautali.

"Khalani pansi, a Nasibeko, mwayenda mtunda," anatero. "Ndikutungireni madzi."

Analowera kukhomo, koma atafika pachitseko sanalowe. Anaima pambali, atachigwira chotsegula, mutu atazolika pang'ono, nadikira kaye.